Chigayo cha Madontho cha ku Ntaja

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa agogo anu, ndipo zambiri anazithira mchere. Ine ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa, chifukwa kumeneko n'kumene kuli zimene simukuzidziwa.

Nsanama, zaka zoyamba

Uphunzitsi ndinauyambira pa sukulu ina ya pulayimale chakumtunda kwa Nsanama, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchoka pa msewu wa ku Nayuchi. Anandipatsa Sitandade 3, ana odzaza mpaka pakhonde. Pakati pawo panali mtsikana wosaona amene ankabwera atagwira chitenje cha mkulu wake. Mafunso apakamwa ankayankha kuposa anzake onse, koma ikafika nthawi yolemba ankapinda manja n'kukhala duu mpaka belu. Chaka chitatha makolo ake anamusiyitsa, ati kusukuluko akungothera sopo. Zimenezo zinandikhala pamtima, moti atalengeza za maphunziro a aphunzitsi a ana osaona ndinalembetsa dzina ndisanawafunse n'komwe bambo anu.

Nditabwerako ndinali nditadziwa Braille, zilembo za madontho otumphuka zimene munthu amawerenga ndi nsonga za zala. Zida zanga zinali kasileti kachitsulo ndi kachisongole. Dontho lililonse umaboola ndi dzanja, kuyambira kumanja kupita kumanzere, kuti ukatembenuza pepala ziwerengeke molongosoka. Tsamba limodzi linkandidyera theka la ola. Mapepala olimba a ntchito imeneyi ankabwera mwa apo ndi apo, choncho ndinkapempha makalendala akale m'magolosale a pa Nsanama. Eni ake anandizolowera. Chaka chikatha ankandisungira okha, ndipo ana a m'kalasi mwanga ankawerenga masamu kuseri kwa zithunzi za feteleza ndi mafuta ophikira.

Ntaja, chaka chimene tinalandira Chigayo

Patapita zaka ananditumiza ku sukulu ina kufupi ndi Ntaja, kumene kunali chipinda chapadera cha ana osaona ndi nyumba yawo yogona. Kumeneko ndinapeza Che Saidi, mphunzitsi wosaona chibadwire, wamkulupo pang'ono kwa ine. Ankavala kofia yoyera yosaoneka fumbi ngakhale mwezi wa Okutobala, ndipo akabaza onse a pa Ntaja ankawazindikira ndi kulira kwa mabelu a njinga zawo. Sabata yoyamba yomwe anayamba kunditchula kuti achemwali, ndipo dzina langa lenileni sindikukumbuka kuti analitchulapo. Lachisanu akapita kukaswali kumzikiti ine ndinkawagwirira kalasi. Ine ndikakhala ndi za kutchalitchi mkati mwa sabata, iwo ankatenga yanga, n'kumawauza ana kuti achemwali apita kukatipempherera mbali inayo. Ahedi athu anali bambo Chimbalanga, munthu wabwino mtima koma woopa mapepala. Ngakhale tsache ankafuna ulisainire. Makiyi a sukulu yonse ankayenda nawo palamba, moti tinkawamva asanatulukire.

Chaka changa chachitatu pamenepo, anthu ena akufuna kwabwino a kunja anatipatsa kompyuta ndi makina osindikiza Braille. Makinawo anali ngati bokosi losungiramo zovala, olemera moti anawanyamula amuna awiri. Unkalemba pa kompyuta monga mwa nthawi zonse, pulogalamu n'kusandutsa zilembozo madontho, kenako tinyundo ta m'makinamo n'kumenya pepala. Phokoso lake linkamveka mpaka ku Sitandade 1, ndipo ana sanachedwe kuwapatsa dzina loti Chigayo. Ntchito imene ndinkaigwira sabata yathunthu inkatha madzi a tiyi asanawire. Tsiku loyamba Che Saidi anaika chikhato pa tsamba lotentha, anati Alhamdulillah, kenako anadandaula kuti madonthowo ndi akuthwa ngati nsapato zatsopano.

Pamodzi ndi Chigayo panabwera CD imodzi ndi pangano. Kampani yopanga makinawo inali kutsidya kwa nyanja, koma inali ndi oiimira ku Blantyre. Mmodzi wa iwo anabwera kudzalumikiza zonse, ndipo anatiwerengera kuti iwo azitikonzera makinawo ndi kutipatsa zipangizo zikatha, bola ngati tikugwiritsa ntchito pulogalamu yawo yokha ndipo wina aliyense sanaikepo dzanja. Bambo Chimbalanga anasaina mosangalala, CD ija n'kuikhomera m'dirowa. Palibe anaganiza kuti mawu amenewo adzatipweteka. Zaka zotsatira zinali zokoma kwambiri pa ntchito yanga yonse. Mwana aliyense anali ndi manotsi akeake, ndipo tinasindikizanso nthano ndi nyimbo zoti aziwerenga ku hositelo Loweruka.

Ntaja, chaka chimene makompyuta anasinthidwa

Chigayo chinali cholimba, koma kompyuta yake inakalamba. Inkayaka tsiku limodzi pa masiku atatu, ndipo mafulashi a aphunzitsi anaidzaza mavairasi. Gulu limene linkathandiza masukulu a kumeneko linatibweretsera ina, yogwirapo kale ntchito koma yabwinobwino. Amene anabwera nayo anali mayi Alinafe, katswiri wa makompyuta wa ku Balaka, mayi wamfupi woyenda ndi masikuludiraiva m'chikwama cha m'manja. Anatiuza kuti kompyuta yatsopanoyi imayendera Linux. Anati imeneyi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, yosiyana ndi ya mu yakale ija chifukwa aliyense ali ndi ufulu woona m'kati mwake, kukonza polakwika, ndi kugawira mnzake. Inalinso ndi mawu owerenga zimene zili pa sikirini. Tsiku limenelo Che Saidi analemba okha kalata pa kompyuta koyamba m'moyo wawo. Mawuwo ankatchula Chichewa ngati wansembe wongofika kumene kuchokera kunja, ndipo iwo ankaibwerezetsa dala kuti aseke.

Titalumikiza Chigayo, chinangokhala zii. Mayi Alinafe anayesa uku ndi uku, kenako anapumira m'mwamba n'kunena kuti palibe dalaiva. Ine ndinawauza kuti dalaiva wawo wangopita kukamwa tiyi pamsika, abwera posachedwa. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Atatha kuseka anandifotokozera kuti dalaiva amene akunena ndi kapulogalamu kotanthauzira pakati pa kompyuta ndi makina. Wa pa CD ija ankangomvana ndi kompyuta yakale, ndipo kampani inamutseka moti palibe akanaona mmene amalankhulira ndi Chigayo. Anati vuto si lalikulu. Kampani ikangotipatsa masamba ochepa osonyeza malamulo amene makinawo amamva, iwo alemba dalaiva wina okha, osalipiritsa wina aliyense.

Tinalemba kalata yaulemu kwambiri, Chingelezi chake Che Saidi anachita kuchisita. Yankho linabwera patatha mwezi, lakuti makina a mtundu umenewo anasiya kuwapanga ndipo tichite bwino kugula atsopano. Tinalembanso, kufotokoza kuti ndife sukulu ya kumudzi ndipo makinawo alibe chilema chilichonse. Anayankha mizere iwiri, kuti zimene tikupemphazo ndi chinsinsi cha kampani. Nditaimbira a ku Blantyre aja, anandiuza mwaulemu kuti za Linux iwo sazidziwa, n'kundikumbutsa za pangano. Ndinafunsa kuti nanga pangano lokonza makina osagwira ntchito phindu lake n'chiyani. Anati iwonso ndi otumidwa.

Ndinabwerera ku kasileti kanga. Chaka chimenecho tinali ndi ana atatu mu Sitandade 8. Mmodzi anali Asiyatu, mtsikana wa lilime lakuthwa amene analumbira kuti kusekondale apita ngakhale pa kabaza. Mayeso aboma amabwera okha m'madontho, koma manotsi ndi mayeso oyeserera zinali kwa ife. Manja anga sanalinso a ku Nsanama aja. Ndinkaboola masamba atatu dzanja n'kuuma, ndipo ana atatu ankalimbirana pepala limodzi, anzawo oona ali ndi mabuku.

Nkaya ndi Ntaja, mvula itayamba

Mayi Alinafe anabweranso ndi nzeru ina. Anati popeza kompyuta yakale imadzukabe nthawi zina, tiilumikize ku yatsopano m'malo mwa Chigayo. Yakaleyo iziyesa kuti ikulankhula ndi makina, yatsopanoyo izilemba chilichonse chimene yanena. Tikatero tidzakhala tamva tokha malamulo aja. Koma sanandibisire kuopsa kwake. Poyesera malamulowo pa Chigayo, limodzi lolakwika likhoza kuchisokoneza mutu, ndipo a ku Blantyre akamva, pangano lathera pomwepo.

Bambo Chimbalanga anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akuseweretsa makiyi awo.

"Iyayi, Madamu," anatero. "Makina amenewa ali m'dzina langa. Lero oyendera sukulu akabwera ndiwaonetsa kuti awo ali apo, athunthu. Mukawaononga ndidzawaonetsa chiyani?"

"Mudzawaonetsa ana," ndinatero.

"Ana sasainira penshoni yanga."

Sindinawakwiyire, chifukwa inenso ndinali nditatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume, ndipo awiri mwa inu munali mudakali kusukulu. Ndinadziwa aphunzitsi amene anavutika ukalamba wawo wonse chifukwa cha katundu wa sukulu amene anaonongeka m'manja mwawo. Sabata yathunthu ndinayenda nayo nkhaniyo ngati mwala mu nsapato. Che Saidi sanandikakamize. Anangonena kuti iwo akanasaina, koma siginecha ya munthu wosaona anthu amaikhulupirira pokhapokha zinthu zikayenda bwino. Bambo anu anati ndichite chimene ndidzathe kugona nacho tulo. Lolemba lotsatira ndinalemba kalata yakuti zonse zochitika pa makinawo ndalamula ndine, ahedi anandiletsa, ndipo chikaonongeka mlandu ndi wanga. Bambo Chimbalanga anaiwerenga kawiri, anaipinda, anamasula kiyi wa chipinda chathu palamba n'kumuika patebulo. Anati Loweruka apita kukapalira chimanga ndipo kumunda kwawo foni sigwira.

Panatsala chingwe. Pankafunika cha mtundu wakale, mawaya awiri a m'kati atasinthanitsidwa, ndipo m'sitolo simunkapezeka. Ndinakumbukira alamu anga a Namakhwa, amuna a amayi anu aakulu, amene anakalambira pa ntchito ya mawaya a telefoni za njanji n'kukhazikika ku Nkaya. Ndinakwera minibasi mpaka pa Liwonde, kenako sitima. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza wailesi ya mnansi wawo. Atayang'ana kachithunzi kamene mayi Alinafe anajambula, anangogwedeza mutu. Anati waya wina ndi pakamwa, wina ndi khutu, ndipo tikufuna pakamwa pa uyu pakhale pa khutu la uyo, zimene njanji inazidziwa makompyuta asanabadwe. Anatenthetsa kachitsulo kawo pa mbaula n'kulumikiza mawayawo manja osanjenjemera. Atamaliza anakana kundipatsa. Anati chingwe chawo sichiyenda chokha, ndipo m'mawa mwake tinanyamukira limodzi, iwo atavala jekete la kumaliro.

Loweruka m'mawa tinakumana anayi m'chipinda chija: ine, Che Saidi, mayi Alinafe ndi alamu anga. Kompyuta yakale inakana kanayi. Kachisanu inadzuka. Ndinalemba chilembo chimodzi n'kuiuza kuti isindikize, ndipo pa sikirini ya yatsopano panatuluka mzere wa manambala. Mayi Alinafe anandiuza kuti ndisinthe chinthu chimodzi chokha, kutalika kwa tsamba, n'kutumizanso. Nambala imodzi inasintha. Tinapitiriza choncho, mizere yaifupi, mizere yaitali, mbali imodzi ya pepala, mbali zonse, iwo akukopera zonse m'kope la sukulu poopa kuti zingasowe. Cha m'ma 12 koloko magetsi anazima. Atayakanso, kompyuta yakale sinadzukenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Zimene zinali m'kope ndizo zinali chuma chathu chonse.

Masiku otsatira mayi Alinafe ankatumiza malamulowo ku Chigayo limodzilimodzi, ndipo woweruza anali Che Saidi. Pepala likatuluka ankaliyendetsa zala n'kunena kuti apa chadya mzere, apa chayambira pakati, apa madontho akwerana. Mapepala abwino tinawasunga, poyesera tinkagwiritsa ntchito makalendala. Tsiku lachitatu mayi Alinafe anayesa lamulo limene anangoliganizira, chifukwa m'kope munalibe. Chigayo chinalira kamodzi, kulira kwakutali, n'kuzima. Tinachizimitsa n'kuchiyatsanso, osayankha. Mayi Alinafe anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kumangopepesa.

Ndinapita ndekha kukawauza ahedi. Ndinkayembekeza mawu aja akuti ndinakuuzani. Iwo ananditsanulira tiyi wa m'fulasiki yawo n'kufunsa ngati ndadya. Kenako anati kalata yanga ija sakukumbuka pamene anaiika, ndipo pa msinkhu wawo zinthu zimasowa. Ndinatuluka mu ofesimo ndisanalire, ngakhale misozi inali pafupi.

Masiku awiri Chigayo chinakhala chete. Tsiku lachitatu Che Saidi anafika m'mawa n'kupempha kuti tiwaike patsogolo pa makinawo. Anati akhala akukumbukira tsiku limene munthu wa ku Blantyre uja anadzalumikiza zinthu, zaka zonsezo zapitazo. Chigayo chinavutanso tsiku limenelo, ndipo munthuyo anatitulutsa tonse kuti akonze, kupatula iwo.

"Anandisiya pakona, achemwali, poti wosaona aona chiyani. Koma ndinamva. Anadina mabatani awiri osawasiya, anayatsa, chinalira katatu, ndiye anasiya limodzi."

Mabatani anali asanu ndi limodzi ndipo sankadziwa kuti ndi ati, koma ankakumbuka kuti limodzi linkalira mogonthera kuposa ena. Anawadina onse limodzilimodzi khutu ali pafupi mpaka analipeza. Batani lachiwiri tinachita kuyesa. Pa ulendo wachinayi Chigayo chinalira katatu, n'kukoka pepala. Alamu anga, amene anali atakana kubwerera ku Nkaya nkhani isanathe, anavula chipewa ngati alowa m'tchalitchi.

Sabata yomweyo dalaiva wa mayi Alinafe anatha. Tsamba loyamba la mayeso oyeserera ndinalipereka kwa Asiyatu lidakali lotentha. Anawerenga mofulumira, n'kuima pakati. Anati makinawo alibe mlandu, koma pa funso lachinayi Madamu alemba Shire ndi chilembo chaching'ono. Ndinayang'ana pa kompyuta ndipo zinali zoona.

Sindikufuna muganize kuti zonse zinatha bwino. A ku Blantyre anamva, sindikudziwa kwa ndani, ndipo analemba kuti pangano latha. Chaka chotsatira kanyundo kamodzi kanafa, kakumapeto kwa mzere, ndipo kena sitikanakapeza kulikonse. Mayi Alinafe anangouza dalaiva wawo kuti mizere izithera pafupi, kusiya malo a zilembo zinayi, ndipo Chigayo chinapitiriza ntchito chikutsimphina choncho, chikudya mapepala ambiri kuposa kale. Zimenezo dalaiva wa kampani sakanatilola. Mwa ana atatu aja, Asiyatu ndi mnzake mmodzi anasankhidwa kupita kusekondale. Wachitatu sanakhoze, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa ngati miyezi imene tinataya polemberana makalata ndiyo inamugwetsa. Dalaiva uja mayi Alinafe anamuika pa intaneti kuti aliyense atenge. Patapita nthawi anandionetsa uthenga wa mphunzitsi wina wa dziko lakutali, amene makina ake a mtundu womwewo anakhala m'kabati zaka zambiri. Anathokoza, n'kutiuzanso tanthauzo la lamulo lija linatizimitsira Chigayo. Linali lofufuta zonse.

Balaka, nditapuma

Penshoni yanga inabwera yonse, ndipo ya bambo Chimbalanga chimodzimodzi. Tinasamukira kuno ku Balaka, kufupi ndi chipatala, chifukwa maso anga anayamba kuchita ng'ala. Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo chifukwa cha manyazi. Zaka zonsezo Braille ndinkaiwerenga ndi maso, monga amachitira aphunzitsi ambiri oona. Ndinkapendeketsa pepala kuti madontho achite mthunzi, basi. Zala zanga zinkadziwa kuboola koma sizinkadziwa kumva.

Mwezi wachitatu nditapuma, wakabaza wina wa ku Ntaja amene anabwera kudzaona abale ake anandisiyira envulopu yaikulu. Munali tsamba limodzi la madontho, la mizere yaifupi. Ndinalipendeketsa pawindo, ndinatuluka nalo padzuwa, osaona kanthu koma utsi. Bambo anu anati tiimbe foni tifunse zimene alemba. Ndinakana. Ndinakhala pakhonde n'kuika chala pa mzere woyamba ngati mwana wa Sitandade 1. Tsiku loyamba ndinangotha mawu amodzi, akuti achemwali. Ndinaganiza kuti Che Saidi andilembera mawu otsanzikana, mwina oyamikira zaka zimene tinagwira limodzi, ndipo ndinakonzeratu mpango. Tsiku lachiwiri ndinadutsa moni wa kwa bambo anu ndi kwa alamu anga. Tsiku lachitatu madzulo ndinafika pa mutu wa nkhani. Ankafunsa kumene ndinasiya kiyi wa kabati ya mapepala, chifukwa miyezi itatu akhala akusindikizira pa makalendala.

Ndinapisa dzanja m'chikwama changa cha kutchalitchi. Kiyi anali momwemo.